KHOSWE AKAKHALA PAMKHATE: MSONKHO WA KU AMERICA PA MALIPIRO A AKULU A MAKAMPANI

Yolembedwa ndi Mtolankhani Wathu

Mwezi wa July chaka cha 1984 Pulezidenti Ronald Reagan wa dziko la United States anasaina lamulo lalikulu la za msonkho lotchedwa Deficit Reduction Act. M'kati mwa lamulolo munali ndime ziwiri zimene anthu wamba sanazisamale konse, koma zimene maloya a makampani aakulu akhala nazo maso kufikira lero lino. Ndimezo, zodziwika ndi manambala 280G ndi 4999 m'buku la malamulo a msonkho a dzikolo, zinaika msonkho wa 20 pa 100 pa ndalama zopyola muyeso zimene mkulu wa kampani alandira pamene kampani yake yagulidwa ndi ina. Aphungu anafuna kulanga umbombo. Papita zaka zoposa 40 tsopano, ndipo mbiri ya msonkho umenewu iyenera kudziwika kwa yense wogwira nchito m'Boma ndi kwa mphunzitsi aliyense, pakuti iphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu. Boma lingathe kulemba m'lamulo dzina la munthu woti alipire msonkho, koma ndi cholembera chokha silingathe kusankha thumba limene ndalamazo zidzatulukamo.

Msonkho wa pa ndime 4999 uli wa mtundu wotchedwa excise, ndipo mau amenewa si achilendo m'dziko lino. Ndiwo msonkho umene bungwe la Malawi Revenue Authority litolera pa zinthu zina zosankhika, monga mowa ndi ndudu. Msonkho wotere uli ndi nchito ziwiri: kubweretsa ndalama m'thumba la Boma, ndi kuchepetsako khalidwe limene Boma silikondwera nalo. Wokapereka ndalama ku ofesi ya msonkho ndiye mwini fakitale, koma ngakhale mwana wa sukulu adziwa kuti mwini fakitaleyo aonjezera ndalamazo pa mtengo, kotero kuti womva kuwawa kwenikweni ndiye wogula pa golosale. Pa fodya ndi mowa palibe cholakwika, popeza Boma lifunadi kuti wosuta ndi wakumwa ndiwo amve kulemera kwake. Koma aphungu a ku America anatenga chida chomwechi nachilozetsa pa malipiro a munthu, poyesa kuti apa msonkho udzakhala pomwepo pamene auika. Sunakhale.

CHIYAMBI CHA MLANDU

Kampani yaikulu ya ku America siikhala ya munthu mmodzi. Eni ake ndi anthu zikwizikwi amene anagula masheya, ndipo ambiri a iwo ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni za aphunzitsi, apolisi ndi anchito a m'mafakitale. Eni masheyawo asankha bodi ya madayirekitala, ndipo bodiyo ilemba nchito mkulu woyendetsa kampani. Tsono kampani ikagulidwa ndi ina, eni atsopano kawirikawiri abwera ndi anthu awo, ndipo mkulu wakaleyo nchito imthera. Chifukwa cha ichi akuluakuluwo anayamba kulembetsa m'pangano lao la nchito mau akuti kampani ikagulidwa iwo nachotsedwa, adzalandira ndalama zochuluka nthawi imodzi. Malipiro otere anawapatsa dzina lakuti golden parachute, ndiko kunena parachuti wagolide, chija chonga ambulera chimene munthu atsikira nacho bwinobwino pamene ndege iri kugwa ndi ena onse ali momwemo.

Olemba mbiri ya zamalonda aloza ku chaka cha 1961, pamene Charles Tillinghast analembedwa nchito yoyendetsa kampani ya ndege ya TWA m'kati mwa mkangano wa pakati pa Howard Hughes ndi mabanki amene anakongoza kampaniyo. Tillinghast anapatsidwa lonjezo lakuti adzalipidwa ngati Hughes abwerera namchotsa. Koma mkwiyo wa anthu unabuka zaka 20 pambuyo pake. Mu 1982 William Agee, mkulu wa kampani ya Bendix, anayesa kugula kampani ya Martin Marietta eni ake asakufuna. A Martin Marietta anabwezera poyamba kugula masheya a Bendix, ndipo makampani awiriwo anameza ngongole zoopsa pofuna kumezana. Pomaliza kampani yachitatu, Allied, ndiyo inagula Bendix. Agee, amene anayambitsa nkhondoyo naitaya, anachoka mu 1983 ndi ndalama pafupifupi madola 4 miliyoni, za pangano limene bodi inavomera nkhondo iri m'kati. Manyuzipepala anafuula, anthu anakwiya, ndipo Congress, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, inayankha ndi msonkho.

LAMULO LIYENDA MOTANI

Lamuloli silikhudza wanchito aliyense. Likhudza akulu oyendetsa kampani, eni masheya opitirira gawo limodzi pa 100, ndi kagulu kochepa ka olandira malipiro apamwamba koposa onse. Kwa munthu wotere ayamba awerengera malipiro ake a pa chaka, potenga zaka zisanu zapitazo ndi kupeza pakati pake. Chiwerengero chimenecho ndicho maziko. Ngati zonse zimene alandira chifukwa cha kugulidwa kwa kampani zichepera pa maziko katatu, palibe mlandu. Koma zikafika pa maziko katatu kapena kupitirira, msampha ufwamphuka, ndipo zilango ziwiri zigwa pamodzi. Munthuyo alipira 20 pa 100 pamwamba pa msonkho wake wa masiku onse, ndipo kampani iletsedwa kuchotsera ndalamazo pa phindu lake powerengera msonkho wake, monga ichitira ndi malipiro ena onse.

Pali chinthu china chimene ambiri sachizindikira. Msonkhowo suwerengedwa pa ndalama zopitirira maziko katatu zokha ai. Uwerengedwa pa zonse zopitirira maziko kamodzi. Chitsanzo chingathandize. Mkulu wina maziko ake ndi madola 1,000,000. Akalandira madola 2,999,999 salipira excise ngakhale senti imodzi. Akalandira madola 3,000,000, msonkho ugwa pa madola 2,000,000, ndipo alipira madola 400,000. Dola imodzi yokha yoonjezera imtayitsa madola 400,000. Aphungu anapanga phompho lotere dala, poganiza kuti palibe munthu wanzeru amene adzayandikira m'mphepete mwake.

MALIRE ASANDUKA MUYESO

Chotsatira choyamba chinali chodabwitsa. Lamulo lisanabwere, mapangano a parachuti anali m'makampani ena, ndipo kukula kwake kunali kosiyanasiyana. Bodi imene inafuna kupereka zochuluka inali ndi manyazi, posadziwa kuti anthu adzati chiyani. Lamulo litabwera, manyaziwo anatha. Loya aliyense anatha kuuza bodi kuti Congress yeniyeniyo yanena kuti malipiro osafika pa maziko katatu alibe chilango. Chimene aphungu anachiika monga malire osayenera kufikapo, amalonda anachiwerenga monga muyeso wololedwa. Nambala ya 2.99 inalowa m'mapangano ambirimbiri: mkulu adzalandira maziko ake kuchulukitsa ndi 2.99. M'malo mwa kutha, mapangano a parachuti anafalikira, nakhala chinthu chimene mkulu aliyense wa kampani yaikulu anachiyembekeza polowa nchito.

Izi zinachitikanso kachiwiri pa lamulo lina, monga ngati phunziro loyamba silinamveke. Mu 1993, m'nthawi ya Pulezidenti Bill Clinton, Congress inalamula pa ndime 162(m) kuti kampani isachotsere pa phindu lake malipiro a mkulu opitirira madola 1,000,000 pa chaka, kupatula malipiro odalira pa zipatso za nchito yake. Makampani anasunga malipiro a pamwezi pafupi ndi malirewo, nathira zina zonse m'khomo limene linasiyidwa lotsekula, makamaka ufulu wogula masheya m'tsogolo pa mtengo wa lero. Malipiro a akuluakulu anakwera koposa kale m'zaka zotsatira. Mu 2006 Christopher Cox, amene anali mkulu wa SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya, anauza aphungu kuti lamulolo liyenera kuikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zimene zinabala zosayembekezeka. Khomolo linatsekedwa mu 2017, patapita zaka 24.

MSONKHO USAMUKA

Chotsatira chachiwiri ndicho mtima wa nkhani ino. Akuluakulu ena sanakhutire ndi 2.99. Tsono maloya ao analemba ndime yatsopano m'pangano, yotchedwa gross-up. Tanthauzo lake nlakuti ngati msonkho wa excise udzagwa pa mkuluyo, kampani idzampatsa ndalama zina zokwanira kulipira msonkhowo, kuti iye atsale ndi zomwezo zimene akanatsala nazo pakadapanda lamulo. Palibe chobisika kapena choswa lamulo m'menemo. Congress inanena kuti mkulu alipire; siinanene kuti kampani isambwezere.

Koma kubwezako nkokwera mtengo koopsa, pakuti ndalama zobwezazo nazonso ziri malipiro, ndipo zidyedwa msonkho wa masiku onse ndi wa excise womwe. Mkulu uja wa maziko a madola 1,000,000 alonjezedwe madola 5,000,000. Zopyola muyeso ndi madola 4,000,000, ndipo excise wake ndi madola 800,000. Kampani ikafuna kumchotsera katunduyo, siingampatse madola 800,000 okha, chifukwa pa dola iliyonse yoonjezera Boma litengapo pafupifupi masenti 60: masenti 37 a msonkho wapamwamba wa pa malipiro, 20 a excise, ndi ena ochepa a thumba la zaumoyo, osawerengera msonkho wa m'chigawo chimene munthuyo akhala. Kuti atsale ndi madola 800,000 m'manja ayenera kupatsidwa pafupifupi madola 2,000,000. Pamwamba pa izi kampani siichotsera pa phindu lake madola 6,000,000 onsewo, ndipo popeza msonkho wa makampani uli 21 pa 100 kuyambira 2018, itayanso madola 1,260,000. Lonjezo la madola 5,000,000 lafika podyera kampani madola ena 3,260,000, ndipo munthu amene aphungu anafuna kumlanga sanamve ngakhale kutsina.

Ndani tsono walipira? Kampani siidya nsima. Ndalama zake ndi za eni masheya. Wogula kampani, poona ngongole yotere m'mabuku, atsitsa mtengo umene akanapereka, kapena aisenza yekha naigawira eni masheya ake. Njira zonse ziwiri zifikira pa anthu omwe aja amene lamulo linati liwateteza, ndipo pakati pao pali mphunzitsi wopuma nchito amene penshoni yake inaikidwa m'masheya. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Congress inaponya mwala ndi mphamvu zake zonse, khoswe analumpha, ndipo chinasweka ndi mkhate.

Nzoona kuti thumba la Boma la America linapindula, pakuti pa chitsanzo chimenechi latolera zochuluka koposa zimene likanatolera popanda gross-up. Koma lamuloli silinapangidwe kuti lidzaze thumba. Linapangidwa kuti lisinthe khalidwe, ndipo msonkho woletsa khalidwe ukamabweretsa ndalama zambiri, ndicho chizindikiro chakuti khalidwelo silinaleke.

MLANDU WA MEDTRONIC NDI WA MABANKI A KU LONDON

Wina angayese kuti izi nzakale. Mu 2004 Congress inaikanso excise wina, pa ndime 4985, wolozetsa akuluakulu a makampani amene asamutsira likulu lao kunja kwa America pothawa msonkho. Msonkhowo, umene poyamba unali 15 pa 100, unagwa pa masheya amene akuluakuluwo analonjezedwa monga malipiro, kuti aganize kawiri asanasamutse kampani. Mu June 2014 kampani yopanga zipangizo za m'chipatala ya Medtronic inalengeza kuti igula kampani ya Covidien pa mtengo wa pafupifupi madola 43 biliyoni ndi kusamutsira likulu lake ku Ireland. M'zikalata zopita kwa eni masheya kampaniyo inaulula kuti idzalipirira akulu ake ndi madayirekitala msonkho wa excise, ndalama zoyerekezedwa kupitirira madola 60 miliyoni. Pomwepo eni masheya wamba, ena a iwo okalamba amene anasunga masheya ao zaka zambiri, anauzidwa kuti kusamukako kudzawabweretsera msonkho wa pa phindu la masheya ao, umene anayenera kulipira okha. A kampani anayankha kuti sikoyenera kuti mantha a msonkho aletse akuluakulu kuchita chokomera kampani. Yankholo, ngakhale linanenedwa moona mtima, liulula nkhani yonse: manthawo ndiwo amene Congress inafuna kudzetsa, ndipo pangano linawachotsa. Kugulako kunatha mu January 2015.

Dziko la Britain linayesa njira ina. Mabanki atagwetsa chuma mu 2008 napulumutsidwa ndi ndalama za anthu, nduna ya zachuma Alistair Darling analengeza mu December 2009 msonkho wa 50 pa 100 pa bonasi iliyonse ya m'banki yopitirira mapaundi 25,000, kufikira April 2010. Apa wolipira anali banki, osati wanchito. Boma linayembekeza kuti mabanki adzachepetsa mabonasi, ndipo linawerengera kuti lidzatolera pafupifupi mapaundi 550 miliyoni. Linatolera zoposa mapaundi 3 biliyoni. Mabanki anasankha kupereka mabonasi ndi msonkho womwe, ndipo pambuyo pake Darling mwini anavomera kuti msonkhowo sunasinthe khalidwe la mabanki. Ku America msonkho unaikidwa pa munthu nusamukira pa kampani. Ku Britain unaikidwa pa kampani nukhala pomwepo. M'maiko onse awiri wolandira analandirabe.

MBALI INA YA NKHANI

Chilungamo chifuna kuti mau a mbali inayo amvekenso, pakuti si onse olemba mapangano otere amene ali akuba. Mkulu amene adziwa kuti kugulidwa kwa kampani kudzamsiya pa msewu angathe kukana mtengo wabwino umene ukanapindulira eni masheya, pofuna kusunga mpando wake. Parachuti wa muyeso wabwino amchotsera chiyeso chimenecho, ndiponso asunga anthu ofunika pa nchito m'miyezi yovuta ija pamene kugulana kuli m'kati ndipo aliyense ali kuyang'ana kwina.

Ndiponso lamulo la 1984 siligwa mofanana. Popeza maziko awerengedwa pa zimene munthu analandira m'zaka zisanu zapitazo, mkulu amene wakwezedwa posachedwa ali ndi maziko otsika, ndipo agwa m'phompho msanga. Amene anasunga ufulu wake wa masheya osaugwiritsa nchito, posonyeza kukhulupirira kampani, ali ndi maziko otsika kuposa mnzake amene anathamangira kuusandutsa ndalama chaka ndi chaka. Anthu awiri a udindo umodzi ndi pangano limodzi angathe kutuluka wina wolangidwa, wina womasuka. Ma bodi ambiri anavomera gross-up ponena kuti akonza kusalungama kumeneku. Ndipo pamene pali phompho pabadwa akatswiri olilambalala. Pali maloya ndi owerengera ndalama amene nchito yao ndi yomweyi: kufulumizitsa bonasi kuti ilipidwe mu December, chaka cha kugulana chisanafike, kuti maziko akwere, kapena kuika mtengo pa lonjezo la mkulu lakuti sadzakagwira nchito kwa opikisana nao, kuti ndalamazo zichotsedwe pa chiwerengero cha parachuti. Zonsezi nzololedwa, ndipo malipiro a akatswiriwo achokeranso mumkhate womwe uja.

CHIMENE CHINATHANDIZA

Komabe nkhani siithera pa kulephera. Lero gross-up wachepa kwambiri m'mapangano atsopano a makampani aakulu a ku America, ndipo chimene chinamchepetsa si msonkho ai. Mu 2006 bungwe la SEC linalamula kuti kampani iliyonse ya pa msika wa masheya izilemba poyera, chaka ndi chaka ndiponso m'manambala, zimene mkulu aliyense adzalandira ngati kampani igulidwa, pamodzi ndi msonkho umene kampani idzamlipirira. Kwa nthawi yoyamba mwini masheya anaona chiwerengerocho kugulana kusanachitike, pamene panali mpata wochitapo kanthu. Mabungwe olangiza eni masheya pa kavotedwe, monga ISS, anayamba kuwerenga gross-up watsopano monga khalidwe loipa ndi kulangiza kuti madayirekitala olivomera akanidwe mavoti. Kenaka lamulo la Dodd-Frank la mu 2010 linapatsa eni masheya voti pa malipiro a akuluakulu, ndi voti ina yapadera pa parachuti pamene kampani iri kugulitsidwa. Mavotiwo, amene anayamba mu 2011, ndi a uphungu chabe, samanga bodi. Koma dayirekitala ndi munthu, ndipo safuna dzina lake liwerengedwe m'nyuzipepala pakati pa okanidwa.

M'malo mwa gross-up, mapangano ambiri tsopano ali ndi ndime yakuti mkulu adzalandira chimodzi mwa ziwiri, chimene chimsiyira zambiri m'manja: kapena malipiro odulidwa kufika pansi pa phompho, kapena malipiro onse iye nalipira excise yekha. Motero katundu wabwerera pa phewa limene Congress inaloza mu 1984, koma wabwezedwa ndi eni chuma, patapita zaka zoposa 25. Nkoyenera kunenanso kuti gross-up sanafe; aonekabe nthawi zina, makamaka pamene bodi imlemba m'masiku omaliza kampani iri pafupi kugulitsidwa, madayirekitala podziwa kuti sadzaimanso pa chisankho. Lamulo la America lenilenilo livomereza mphamvu ya mwini chuma pa makampani amene sali pa msika wa masheya: kumeneko excise sagwa konse ngati eni masheya oposa 75 pa 100, atauzidwa zonse, avomera malipirowo.

Dziko la Switzerland linapita patali koposa. Kumayambiriro kwa 2013 kunamveka kuti Daniel Vasella, wapampando wa kampani ya mankhwala ya Novartis, adzalandira mafranki 72 miliyoni pochoka, kuti asakagwire nchito kwa opikisana nao kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mkwiyo wa anthu unachititsa kuti panganolo lifafanizidwe m'mwezi wa February. Pa 3 March anthu pafupifupi 68 pa 100 anavomera pa referendamu maganizo a wamalonda Thomas Minder, akuti eni masheya azivota chaka ndi chaka pa malipiro a akuluakulu ndi voti yomanga, ndi kuti malipiro otsazikira aletsedwe m'makampani a pa msika wa masheya. Chaka chomwecho Britain inapatsa eni masheya voti yomanga pa ndondomeko ya malipiro, kamodzi pa zaka zitatu. Malamulo amenewa sanathetse malipiro aakulu, ndipo palibe woyenera kunena kuti anatero. Koma anaika chingwe m'manja mwa mwini mbuzi, ndipo chimene mwini waletsa, loya sangachibwezere ndi ndime ya m'pangano.

PHUNZIRO KWA DZIKO LINO

Malawi si America, ndipo ndime 280G ndi 4999 sizigwira nchito kuno. Koma makampani agulana kunonso. Mu 2015 a FDH anagula Malawi Savings Bank, ndipo National Bank inagula Indebank. Kuyambira 2011 lamulo likakamiza olemba anthu nchito kusonkha 10 pa 100 ndi anchito 5 pa 100 ku thumba la penshoni, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo liikidwa m'masheya a makampani a pa Malawi Stock Exchange. Motero anthu ambiri amene sanalowepo m'chipinda cha bodi ali eni makampani osadziwa, ndipo mkhate ukasweka, ndi wao. Pamwamba pa izi pali makampani a Boma, amene mwini wake ndi wokhoma msonkho aliyense.

Nthawi zonse pakamveka mbiri ya mkulu amene wachoka pa udindo ndi thumba lolemera, mau oyamba kutuluka m'kamwa mwa anthu ndi akuti Boma liike msonkho waukulu pa ndalamazo. Mkwiyowo ngwomveka, makamaka kwa mphunzitsi amene awerengera masiku kuti mwezi uthe. Koma Boma lanzeru silipanga lamulo la msonkho mtima uli m'mwamba, ndipo iwo amene aliyesa lofooka chifukwa cha kudekha pa zotere aiwala kuti chalaka bakha nkhuku singatole. Ngati Washington ndi London, ndi maofesi ao odzala akatswiri, analephera kusunga msonkho pa munthu amene ali ndi mphamvu yolemba pangano lake, nkwanzeru kufunsa kaye funso limodzi pa msonkho uliwonse watsopano: kodi amene alozedwayo angathe kuupatsira wina? Ngati angathe, adzaupatsiradi, ndipo wolandira adzakhala wofooka koposa onse pa mzerewo.

Nchito yeniyeni iri pa tsiku losaina pangano, osati pa tsiku lolipira. Wogwira nchito m'Boma amene atumidwa kukakhala m'bodi ya kampani ya Boma ayenera kuwerenga ndime za kutha kwa nchito mzere ndi mzere, ndi kufunsa kuti zidzadya ndalama zingati m'manambala, osati m'mau okoma. Akapeza ndime yakuti kampani idzalipirira munthu msonkho wake, adziwe kuti mtengo wake weniweni uposa chiwerengero cholembedwacho, ndipo aukane kapena aulembetse poyera. Matrasti osunga penshoni ayenera kupita ku misonkhano ya pachaka ya makampani, kukafunsa ndi kukavota, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo aphunzitsi, pophunzitsa ana za msonkho, awaphunzitse kusiyanitsa wopereka ndalama ku ofesi ndi wozitulutsa m'thumba, popeza nzika yodziwa ichi siinyengeka ndi lamulo lomveka laukali koma lopanda mano.

Msonkho ndi udindo wa nzika iliyonse, ndipo wolandira zambiri ayenera kupereka zambiri. Pa ichi palibe mkangano. Ndiwo umanga misewu, zipatala ndi sukulu. Koma ukasandutsidwa chikoti cholangira munthu amene akhala pa chuma cha ena, umenya chumacho. Amene afuna kupulumutsa mkhate asayambe ndi kutola mwala. Ayambe ndi kuyatsa nyali ndi kuitana mwini nyumba, khoswe asanakwere.